Madalaivala a Lester Kamphinda

Mu 1992 makompyuta a pa Mponela sankakwana zala za dzanja limodzi, ndipo imodzi inali ya a Sidik, amene ankagula mtedza ndi chimanga kuseri kwa msika. Inzake anaiika kunthambi yawo m'mapiri a ku Ntchisi. Ine ndayenda. Ku Bulawayo ndinakhalako, ku Ndola ndinagonako, ku Durban ndinaona makina aakulu ngati nkhokwe, koma kompyuta yolankhulana ndi sikelo ya mtedza ndinaiona pa Mponela pokha. Thumba likangokhala pasikelo, kulemera kwake kunkaoneka pagalasi, chosindikizira n'kulavula kapepala mlimi asanapukute thukuta.

Mwini luso limeneli anali Lester Kamphinda. M'kati mwa kompyuta mumakhala pulogalamu yaikulu imene tingati ndi mtima wake, ndipo chida chilichonse cholumikizidwa, kaya sikelo kaya chosindikizira, chimakhala ndi malangizo akeake ouza mtimawo mmene ungachiyendetsere. Odziwa amati madalaivala. Lester anawalemba yekha, koma ankangowathira m'fayilo imodzi chaka ndi chaka, ngati munthu wosunga nyemba, mchere ndi singano mumphika umodzi. Akati akonze za chosindikizira, sikelo inkanyanyala.

Msika wa mbewu utatsala pang'ono kutsegulidwa, Agnesi Chimkono, woyang'anira kompyuta ya ku Ntchisi, anabwera pa Mponela n'kupeza Lester atagwira mutu.

"Izi zanditopetsa," anatero Lester. "Dalaivala aliyense akhale ndi nyumba yake."

"Apo tagwirizana, achimwene. Koma tisamutse mmodzi, tiyatse, tiyese. Akayenda bwino titenge wina."

"Mmodzimmodzi ngati tikulowetsa mbuzi m'khola? Msika ukutsegulidwa Lolemba. Lisanafike Loweruka onse akhala atasamuka."

"Nanga zikakana, mudzadziwa bwanji kuti wolakwa ndi uti?"

"Zikana pamaso pa ndani, achemwali?"

Agnesi anangoseka n'kukwera basi kubwerera kumapiri. Lester anavula jekete n'kuyamba kung'amba fayilo ija. Anadula apa, anasoka apo, anasintha mayina, anataya mizere imene inkaoneka yopanda ntchito. Zinatuluka zokongola ngati mizere ya fodya. Koma masiku amenewo madisiki ankagulidwa ku Lilongwe, mwinanso ukapita osawapeza, choncho Lester anajambula zatsopanozo pamwamba pa zakale. Lachisanu m'mawa lole ya kampani inali kupita ku Ntchisi, iye n'kuperekeratu madisiki ena kwa woyendetsa ndi uthenga wakuti Agnesi aike tsiku lomwelo. Apa n'kuti asanayese ngakhale kamodzi.

A Sidik pochokera kumzikiti masana anapeza Lester thukuta lili kamukamu. Pasikelo panali thumba lodzaza, koma galasi linkati palibe kanthu. Chosindikizira chinkangolavula timitanda ndi tinyenyezi.

"Madalaivala anu aja aledzera, a Kamphinda?"

"Ndi kavuto kakang'ono, bwana."

"Bwezeretsani zakale, zija zinkayenda."

Lester anayang'ana pansi. Zakale panalibe. Ndipo popeza anasintha zonse nthawi imodzi, wolakwa akanatha kukhala wina aliyense, ngati mmene zimakhalira mudzi wonse ukadya mphika umodzi wina n'kudwala.

A Sidik sanakweze mawu. "Lolemba ngolo za ku Nachisaka zikhala zili pakhomo apa. Sikelo ikapanda kulankhula, ndipachika yakale yakoloweka ija, makinawa ndikagulitsa ku Lilongwe. Yakolowekayo sifuna katswiri."

Apo mpamene Lester anakumbukira lole ija. Mtima wakale unatsala malo amodzi okha padziko lonse, m'kompyuta ya ku Ntchisi, ndipo iye mwini anali atalamula kuti aufafanize. Lamya ya kunthambi inali itafa kuyambira dzinja.

Loweruka Lester anakwera njinga yamoto ya kampani kulowera ku Ntchisi. Anakwera zitunda, anatsika zigwa, fumbi lili m'mano. Pamphambano pena anyamata a chipani anamuimitsa kuti aonetse khadi, iye n'kumapapasa matumba onse, mpaka mmodzi anati, "Bambo, khadi ndi ili likuonekera m'thumba la malaya." Njira yonse ankangopempha chinthu chimodzi, choti kwa tsiku limodzi lokha Agnesi akhale wosamvera.

Atazimitsa njinga pakhomo pa nthambi, anamva kaphokoso kamene kanamukomera kuposa kwaya ya pa Khirisimasi. Chosindikizira chinali kulira bwinobwino.

"Simunaike?" anafunsa asanapereke n'komwe moni.

"Takulandirani, achimwene. Ndaika."

Lester anathamangira pa kompyuta.

"Ndaika mmodzi," anapitiriza Agnesi. "Ndinayamba ndasunga zakale padisiki yanga, kenaka ndinatengamo wa chosindikizira yekha. Mwamulemba bwino, akuthamanga kuposa kale. Enawo akudikira pamzere."

Lester anakhala pathumba la mtedza n'kuseka mpaka misozi. Anapempha madzi, anamwa makapu awiri, kenaka anatenga disiki ya Agnesi ija n'kubwerera nayo ku Mponela kukabwezeretsa zakale.

Lolemba ngolo zinafika pa Mponela, sikelo inalankhula, ndipo yakoloweka ija inakhalabe pamsomali wake kunkhokwe. Nyengo yonse yogula mbewu awiriwo ankasamutsa dalaivala mmodzi, kuyesa, kenaka wina. Atafika pa wa galasi, sikelo inangoti zii monga tsiku lija, ndipo wolakwa anagwidwa nthawi yomweyo: kamzere kena kamene Lester anataya poganiza kuti n'kopanda ntchito, chikhalirecho sikelo inkatsamira pa iko. Anakabwezeretsa tiyi asanazizire.

Mvula yoyamba isanagwe, dalaivala aliyense anali m'nyumba yake, ndipo sikelo yatsopano imene a Sidik anagula inalowa popanda kusokoneza mnzake. Mpaka lero Lester akaona munthu akufuna kugwetsa zonse tsiku limodzi, amamugwira phewa n'kumuuza za fumbi la ku Ntchisi. Akuluakulu sananame: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.