Sadaka ya munthu wamoyo

Wallahi ndalumbira, lilime langa liume gwa ngati chikopa cha mbuzi ya pa Idi ndikawonjezerapo liwu ngakhale limodzi. Izi zinachitika kwathu ku Namwera, ine ndili pomwepo ndi makutu anga awiriwa.

Che Twaibu anagwidwa ndi asilikali kutsidya kwa malire akugulitsa mchere, nakakamizidwa kunyamula mfuti. Gulu lawo linagonja, anzake anathera m'tchire. Kumudzi kuno kunafika uthenga woti nayenso wapita. Abale analira, anaphika mpunga wa sadaka, Shehe Mtalika anawerenga duwa, pemphero lopempherera malemu. Mkazi wake, Abiti Sumani, anadikira mpaka kutopa, kenako anakwatiwa ndi telala wa pamsika.

Ndiye Lachisanu lina tikutuluka mumzikiti, tinangoona Che Twaibu uyu, mwendo umodzi, ndodo kukhwapa, atawonda ngati bango. Atatsokomola, mango onse a mumtengo wa pamzikiti anayoyoka pansi kuti mbwee! Anthu anathawa kusiya nsapato. Anatsala ndi Shehe okha pamkeka, akusoka chigamba pamkanjo wawo.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, mwanangu. Khalani apa pali mthunzi."

"Wakufa safuna mthunzi, Shehe. Ndamva kuti mpunga wanga unakoma."

"Unakoma. Ndinadya nawo."

Che Twaibu anavula chisoti chake choswalira, nachiika pamapazi pa Shehe.

"Ndabwera kudzabweza ichi. M'tchire muja sindinaphonye mapemphero a swala, madzi akasowa ndinkadziyeretsa ndi dothi. Mphoto yake ndi iyi: nkhondo tinagonja, mwendo unatsala komweko, chifuwa chikundidya, mkazi wanga akuyanika matewera a mwana wa telala. Inu nomwe munandiwerengera duwa ya akufa. Ndiye mundiuze, Shehe, ndi ulemu wonse: wakufa amaswaliranji?"

Shehe anatola chisoticho, nachisansa fumbi pang'onopang'ono.

"Mwendo sindingakubwezereni. Za mkazi sindikulonjezani kanthu. Chifukwa chimene Allah walolera zimenezi sindikuchidziwa, ndipo amene angakuuzeni kuti akuchidziwa akukunamizani."

"Nanga mumadziwa chiyani, Shehe?"

"Ndimadziwa manda basi. Ndaperekezako anthu ambiri, ena ndinasewera nawo paubwana. Onse ogona kuseri uko pempho lawo ndi limodzi: abwezedwe kuno, agunditse mphumi pansi kamodzi kokha. Palibe analoledwa. Inu tinakulirani, tinadya mpunga wanu, tinakuiwalani, koma mwabwezedwa. Ngati chisotichi simukuchifuna, musandisiyire ine. Kachisiyeni kumanda, mukawauze kuti mpata umene akuulirira uja inu munaupeza, ndipo mwaukana."

Che Twaibu anayang'ana kanjira ka kumanda nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, natenga chisoti chake. Sanamwetulire, sanathokoze. Kuyambira tsiku limenelo ankaswali kumzere wakumbuyo, chokhala pansi, kumapeto kwenikweni kuti phewa lake lisakhudzane ndi la telala.

Chifuwa chija chinamutenga mvula isanagwe. Mpunga wake tinaudyanso kachiwiri, koma ulendo uno palibe anapempha wowonjezera.

Za mango zija zokha ndiye ndakokomeza, pepani. Unali mwezi wozizira, mtengowo unali usanachite n'komwe maluwa.