Kapuku Wosasungunuka M'mimba

Ndikulumbira, mphenzi indiwambe pano, m'nkhani iyi mulibe bodza ngakhale limodzi! Ana inu khalani phee, akulu musaseke.

Kalekale, koma magetsi atafika kale, padali Kapuku, kambewa kamene kamagona Juni yense. Anagona kuuna kwake, thupi zii ngati mwala wa kudambo. Okumba mbewa anamutola, namuyesa wakufa, nakamupereka kwa a Kamwendo a m'tauni, amene ankaweta Nsato m'bokosi lagalasi. A Kamwendo anamuponya mufiriji pamodzi ndi mbewa zouma gwa.

Kapuku osadzuka. Ankalota akuyenda m'munda wa mtedza pamwamba pa mitambo, nkhungu itamufunditsa.

Tsiku lodyetsa, a Kamwendo anamuviika m'beseni la madzi ofunda, poti nsato sidya chozizira. Kapuku analota mvula yoyamba, yotentha, waa, waa. Analota akuuluka, atagwidwa mchira ndi chopanira. Phi! Potsegula maso, lilime lamphanda lili nyambi nyambi pamphuno pake. A Kamwendo anali atatseka bokosi n'kuchoka.

"Ha! Ndiwo zanga zikuphethira," anatero Nsato. "Zinzako sizitero."

"Zikomo amalume," Kapuku anayasamula. "Idyani, ndine wanu. Komatu ndangofunda khungu lokha. M'mimbamu mudakali ayezi."

"Bodza iwe."

"Mverani." Anakukuta mano, gwede gwede gwede. "Mukandimeza chonchi, ayeziyo akakhala m'mimba mwanu mpaka dzinja."

Nsato anaopa. Chibadwire sanasakepo, ndipo chimfine ankachiopa kuposa chikwanje.

"Nanga nditani, mphwanga?"

"Ndibwerekeni mwala wanu wofundawo, pansi pa getsi. Inu mukadikire pakona apo, mutu m'mwamba, mthunzi wanu usanditchinge."

Nsato anakwawa, kwee, kwee, nakatsamira galasi lozizira. Kunja chiperoni chinali kuwaza.

"Wasungunuka?"

"Miyendo yokha, amalume."

"Wasungunuka?"

"Chiwindi chayamba."

Kuzizira kunalowa mwa Nsato pang'onopang'ono, kuyambira kumchira. Lilime linalemera. Analota mbewa zonenepa zikutsika kumwamba ndi zopanira, zikutuluka nthunzi.

"Wa... su... ngu..."

Mkonono, foo, foo.

Kapuku, thupi lili thukuthuku, anakwera pamsana pa Nsato ngati makwerero. Anaponda pamutu penipeni, nadzifinya pabowo la mpweya, tsopu!

"Ndasungunuka tsopano, amalume! Nditsatireni ngati miyendo muli nayo."

Madzulo a Kamwendo anasuzumira, naona mbewa palibe. "Wadya bwino mwana wanga," anatero. "Upume mpaka mwezi wa mawa."

Nthano yanga yakwawira kuuna, yathera pomwepo. Wozolowera kudyetsedwa ndi chopanira amaiwala kuti ndiwo zinabadwa ndi miyendo.

Za mkononozo ndangothirako mchere. Njoka ingalize mkonono ndi mphuno iti?