Makoko a Mtedza a Mai Kapuku

Lemba, Mwandida. Ulembe momwe ndikuneneramu, usakonzekonze. Ine cholembera sindinachigwirepo chibadwire, koma pakamwa pangapa sipanafunepo aphunzitsi. Ukatha uwatumizire amayi ako aakulu a Ketrina ku Lilongwe kuja. Paja adokotala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga, ndiye amati akadya n'kumadinadina pafoni, ati akuwerenga makalori. Ukawauze kuti ndi nthano chabe. Akakwiya, akwiye.

Padangokhala. Vomera kaye kuti tili tonse, kenako uzilemba. Eya.

Panali mbewa ziwiri zazikazi, Kapuku ndi Tondo. Zinakwatiwa pabanja limodzi, Kapuku kwa wamkulu, Tondo kwa wamng'ono. Amuna awo onse anafa m'chaka chimodzi, anthu okumba mbewa atawapeza ali kutali ndi kwawo. Ndiye amasiye awiriwa anatsala mu una umodzi m'mphepete mwa munda wa mtedza, pamodzi ndi tiana ta Tondo. Kapuku analibe mwana.

Una wa mbewa, poti inu a sukulu simudziwa, umakhala ndi makomo awiri. Lina lalikulu, lolowera tsiku ndi tsiku. Kena kakang'ono, kobisika, kothawira khasu likafika. Tsono kakhomo ka una umenewu kankadutsa pakati pa miyala iwiri. Miyala yosakumbika, yosasunthika. Ukakwana wadutsa, ukapanda kukwana basi.

Anthu atakolola, mtedza wotsalira m'nthaka unangoti mbwee. Kapuku anadya. Anadya m'mawa, anadya masana, anadya chifukwa chokumbukira mwamuna, anadyanso kuti amuiwale. Khosi linasowa. Akayenda pang'ono, befu befu.

Tsiku lina Tondo amvekere, "Akulu, ndinene kanthu?"

"Nena, pakamwa ndi pako."

"Kakhomo kathu kaja, mmene mulilimu simungakwanemo."

"Iwe! Wandiyeza liti?"

"Sindinakuyezeni, akulu, ndangokuonani. Koma tchire likadali laliwisi, okumba aja sabwera lisanapse. Nthawi ilipo. Sindikuti muleke kudya ayi, wosiya kudya amagwa m'njira. Tizidya mtedza wa m'khoko limodzi m'mawa, lina madzulo. Mimba ikamalirabe, tiziidzaza ndi masamba, chisoso, bonongwe, amenewo mudye mpaka nsagwada zitope. Madzi tizikamwa kudambo ndi miyendo yathuyi, osatuma ana. Ndipo khoko lililonse limene mwaswa musataye. Inu muziika pakona panu, ine pakona panga, kuti diso liziona zimene pakamwa pachita."

Kapuku anang'ung'udza, koma anavomera. Ndipo usaganize kuti zinakanika. Zinatheka! Mwezi usanathe khosi linayamba kubwerera. Phuma linachepa. Ankafika kudambo osapuma panjira. Sanaonde ngati kamtengo ayi, ankangotsika pang'onopang'ono, ngati madzi a m'chitsime nthawi yachilimwe. Akanapitiriza chomwecho, nthano ino bwenzi ikuthera pompa, iwenso bwenzi ukupumitsa dzanja.

Koma panali Mai Bwampini, khoswe wamkulu uja, wolemera, wokhala pansi pa nkhokwe ya anthu. Kapuku anapita kukawaona.

"Kalanga ine! Kodi ndinu a Kapuku? Mwatani, mayi? Mukudwala?"

"Ayi, ndili bwino. Ndikungochepetsako thupi."

"Kuchepetsa! Thupi limene malemu amuna anu ankanyadira lija? Tamverani, ine ndikuuzani poti ndimakukondani. Kunjaku akunong'onezana. Ena akuti muli ndi matenda obisa. Ena akuti mng'ono wanu uja akukumanani chakudya, akudyetsa ana ake okha. Takhalani pansi. Ana inu, bweretsani mtedza, bweretsani chimanga, alendo afika."

Tsono mlendo sakana chakudya, zimenezo ngakhale iwe ukudziwa. Kapuku anadya mpaka mimba gwa. Pomaliza anayang'ana makoko ali mulu patsogolo pake, amvekere, "Nanga awa?"

"Asiyeni, ana asesa."

Pobwerera anayenda akuimba:

Chodya kwa eni, khoko n'la eni,
Changa n'chomwe chili pakona.

Atafika, Tondo anafunsa, "Mwadyako kumene munapita, akulu?"

"Aaa, ndangolawa. Kukana kukanakhala mwano."

Madzulo anaswa khoko lake limodzi, n'kukaliika pakona mwaulemu ngati chopereka cha kutchalitchi.

Kuyambira pamenepo Kapuku anakhala wokonda abale. Mawa kwa Bwampini, mkuja kwa Bwampini. Kukagwa maliro, woyamba kufika ndi iye, womaliza kuchoka ndi iye, poti kumaliro amadya osawerenga. Akamaswera ana a Tondo mtedza, umodzi wa mwana, umodzi wolawa, nanga mwana angadye chinthu chosalawidwa? Mwana akasiya chotsala, iye kwapu, ati kutaya chakudya n'tchimo. Akadya choimirira, ati chimenecho sichinakhale pansi, sichiwerengedwa. Ndipo nyimbo inali yomweyo:

Chodya kwa eni, khoko n'la eni,
Chotsala cha mwana chilibe khoko,
Changa n'chomwe chili pakona.

Pakona pake kamulu kanali kakang'ono, kooneka bwino, kochepa kuposa ka Tondo. Koma khosi linasowanso.

Tondo anayang'ana kamulu, anayang'ana mwini kamulu. Amvekere, "Akulu, makoko akuti mukuonda. Maso anga akuti ayi."

"Ndiye ukhulupirira chiyani? Si iwe unayambitsa zowerengazi? Ine kwathu ndife a mafupa aakulu. Ine ngakhale madzi amandinenepetsa."

"Bwanji tipite mukayese kulowa pakakhomo paja, tingodziwa?"

"Ndikayese! Ine ndizikwawa pamaso pa ana ako ngati wakuba? Ukundiyesa wabodza, eti? Ine amene ndinakulandira pabanja pano uli ndi nthiti zokhazokha? Lero ukuwerenga zolowa m'kamwa mwanga?"

Tondo anaisiya nkhaniyo. Wamng'ono sawerengera mkulu wake zakudya, anatiphunzitsa choncho, ndipo Tondo anali wophunzitsidwa bwino. Mwina mopitirira.

Kenaka mphepo inasintha. Udzu unauma. Tsiku lina utsi unaoneka kutsidya kwa dambo, mawa lake unasendera. Kapuku anadziwa kuti okumba aja ayandikira. Anadikira Tondo ndi ana atapita kukamwa madzi, n'kukayesa yekha pamiyala paja. Mutu unalowa. Mapewa analowa movutikira. Mimba inakana. Anabwerera chafutambuyo, ubweya utanyuka m'mbali.

Ukuganiza anamuuza Tondo? Akanamuuza, mwina akanasamuka, mwina akanayamba kukumba kwina nthawi ikadalipo. Koma kunena kunali kuvomera kuti kamulu kaja n'kabodza. Ndiye anasankha njira yachidule. Analeka kudya. Mtedza ayi, masamba ayi, madzi okhaokha.

"Akulu, si mmene tinapanganira izi. Idyani pang'ono."

"Poyamba umati ndikudya kwambiri, lero ukuti sindikudya. Mtima wako umafuna chiyani? Taona pakona panga, palibe khoko latsopano. Iwe ungathe?"

Anapirira masiku angapo. Maso chizungulire, ukali ngati mavu, ana akangoseka iye wawakalipira. Mimba inaphwa pang'ono, koma mafuta a miyezi sachoka ndi njala ya masiku. Ndiye tsiku lina, ali yekha, anadutsa pafupi ndi pamene Tondo ankasungira ana mtedza wa chilimwe. Anati ndinunkhizeko. Anati ndilawe umodzi. Njala yosungidwa, Mwandida, imabwera ndi abale ake onse. Anadya, anadya, anadya mpaka pansi. Makoko anawakwirira pansi pa udzu umene ankagonapo. Anatupa kuposa kale lonse.

Mawa lake tchire la pamunda paja linapsa. Phulusa lisanazizire, kunamveka di! di! di! Khasu pakhomo lalikulu. Dothi linayamba kugwa kudenga.

Tondo anasonkhanitsa ana. "Akulu, ana atsogole, ine nditsate, inu mubwere pambuyo."

Kapuku anaganiza msanga. Ndikatsala pambuyo, ndikakanirira, adzandikankha ndani? Koma ndikatsogola, onsewa ali kumbuyo, adzandikankha ndithu mpaka nditatuluka.

Amvekere, "Wamkulu ndani muno? Unaona kuti mwana akutsogola mkulu ali chiimire?"

"Akulu, ndikuopa kuti mwina..."

"Mwina chiyani? Werenga makoko! Si awo ali apowo? Ndani wadya pang'ono, ine kapena iwe?"

Tondo anayang'ana pakona. Kamulu kanali kakang'onodi. Anapatuka.

Kapuku analowa. Mutu unadutsa, mapewa anadutsa, mphuno inatulukira kunja, anaona thambo, anaona tchire lakuda, anaona chulu chothawirako chili pafupi pomwepo. Mimba inati gwa pakati pa miyala. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

"Kankhani! Iwe Tondo, ana inu, kankhani!"

Anakankha. Tondo ndi mutu, tiana ndi timanja. Di! di! khasu likusendera. Tondo anayesa kukanda m'mbali, zikhadabo zinathera pamwala. Anayesa kumukoka mchira kuti abwerere, ana adutse, koma pamene anamukankhira paja anali atakhazikika ngati chitsekero cha botolo.

Tondo analeka. Anafungatira ana ake, n'kuyankhula ndi mawu otsika, aulemu ngati masiku onse.

"Akulu, makoko aja analipo angati?"

"Omwe ndinakuonetsa aja."

"Nanga amene simunandionetse?"

Kapuku amvekere, "Ali pano, m'chiunomu."

"Chabwino, akulu. Ine ndimawerenga a pakona. Miyalayi ndiye imawerenga enawo."

Khasu linaboola denga, kuwala kunalowa.

Okumba aja anali awiri, munthu ndi mng'ono wake. Wamng'onoyo anazungulira kukatseka kothawira, n'kuyamba kuseka. "Achimwene, tabwerani muone! Kuno atitsekera kale. Yadziika yokha pakhomo!"

"Ee, kapuku wamafuta chonchi! Ameneyu sitigulitsa, ndi wanga wa madzulo. Yoondayi ndi tianati tiike pampani, tikagulitse kumsewu."

Pofukula, khasu linamwaza kamulu ka pakona kaja, osakaona n'komwe. Linatembenuza udzu wogonapo, makoko anangoti waa, mulu wonse. Wamkuluyo amvekere, "Mbewa imeneyi inkadyatu!" Munthu wachilendo anadziwa ndi khasu limodzi zimene Tondo sanaloledwe kufunsa.

Pamaliro, Mai Bwampini anabwera ndi mpango wakuda, analira mokweza kuposa onse. Amvekere, "Komabe tithokoze, a Kapuku apita ali ndi thupi lawo, osati zoonda zija." Za Tondo ndi tiana sananene kanthu. Anadya, n'kubwerera kunkhokwe kwawo. Mpaka lero akadali moyo, akuitanabe alendo.

Wamaliza? Usandiyang'ane choncho, sindinalonjeze kuti ikoma. Wonjezera apo pansi kuti foni ya a Ketrina sidziwa za mandasi a padepoti, sidziwa za fanta wa kuukwati, sidziwa za mbale za ana zimene amapukuta poti n'zotsala. Imadziwa zomwe aiuza. Sindikuti adzimane mpaka agwe, zimenezo waona kumene zimathera. Adye pang'ono, adye masamba, ayende, ndipo adine zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Kumbuyo kwawoko kuli ana, wotsiriza sanayambe n'sukulu yomwe, ndipo ine msana uwu sungalerenso.

Phunziro lake ulembe ndi zilembo zooneka: ukanamiza chowerengera chako, thupi limawerenga lokha, ndipo tsiku lokanirira pakhomo sufa wekha.

Nthano yanga yagona pamenepo. Tseka cholembera.