Opaleshoni ya Apongozi

Pa kachipatala kena ka mishoni kufupi ndi Chawama, maopaleshoni ankangokhalira kulephereka. Chifukwa chake sichinali chobisika: zipangizo za opaleshoni zinkaphikidwa mochedwa, magetsi n'kuzima makina ali pakati, odwala n'kuuzidwa kuti abwere sabata yamawa. Akuluakulu adauza Sisita Emelda, mkulu wa manesi a m'chipinda cha opaleshoni, kuti asankhe vuto limodzi alikonze.

Tsoka ilo, Emelda anali atangochokera kumaphunziro a kuhotela, mutu utadzaza nzeru zatsopano. Vuto limodzi lidamuchepera.

"Ba Sisita, tiyambe chabe na kuphika visulo kuseni-seni, malaiti yakalibe kuyenda," adatero Rex, nesi mnzake, kunena zophika zipangizo zija m'mamawa magetsi asanazime.

"Iwe Rex, vonse ni vofunika. Penti, majombo yanyowani, miting'i ya kusunga nthawi, na visulo vako ivo. Tizachita vonse pamodzi."

Pakati pa odikira opaleshoni panali apongozi ake enieni, mayi Dyness a ku George, amene chotupa cha pamchombo chidawaletsa ngakhale kunyamula chigubu cha madzi. Anali atabwezedwapo kale, ndipo Emelda ankachita nazo manyazi. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi adadziguguda pachifuwa, azimayi onse akumva: "Lachisanu lino mulowa, amayi. Zinthu zasintha."

Zidasinthadi. Lachisanu mayi Dyness adafika ndi minibasi yoyamba, m'mimba muli pululu chigonere, monga adalangizidwira. Adapeza khonde likununkhira penti, manesi akuyesa majombo. Kenaka onse adalowa mumsonkhano wophunzitsana kusunga nthawi, womwe udadya m'mawa wonse. Rex atathamangira kukayatsa makina ophikira zipangizo, sipadapite nthawi, magetsi thii! Jenereta ya pamalopo makina amenewo siyiwatha.

Emelda adapita kubenchi komwe apongozi ankadikira. Apongozi adayang'ana khoma, adayang'ana majombo ake oyera mbee, n'kuyamba kumanga chitenje.

"Amake Taonga, khoma lakongola, sindikana. Koma chotupa ndabwera nacho, ndipo ndibwerera nacho. Tandigulirani chitumbuwa, ndingakomokere pa penti wanuyu."

Lolemba Emelda adafika kusanache, nayatsa makinawo ndi manja ake, zina zonse adaziika padera. Sabata imeneyo mayi Dyness adachitidwa opaleshoni bwinobwino. Koma ku George mpaka lero, Emelda akatulukira pachipata, apongozi amayamba afunsa ngati penti adauma.

Akuluakulu sadaname: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.