Ngolo Yopendekera Kumanja

Kalekale, koma makompyuta atafika kale ku Dedza, kunali bambo Msosa amene ankanyamula mbatata ndi njerwa za anthu pa ngolo ya ng'ombe. Atamwalira, ngolo ija inawolera kuseri kwa nyumba, ndipo akazi awo, Nankhoma, anasiya kulankhula. Chakudya ankangochilawa, n'kutembenukira kukhoma. Thupi linayamba kutha.

Ana awo atatu, Lonjezo, Sungeni ndi Tiyanjane, ankagwira limodzi ntchito yopanga makatuni pa kompyuta. Anapangana zopanga ngoloyo kuti amayi aione ikuyendanso. Anajambula matabwa, matayala, goli ndi ng'ombe ziwiri. Nkhope ya bambo palibe amene analimba mtima kuijambula, choncho pampando panatsala popanda munthu.

Koma pa kompyuta chinthu chojambulidwa sichidziwa kuti n'cholemera kapena n'cholimba mpaka munthu atachiuza. Atadina batani, matayala anamira m'nthaka ngati m'madzi, matabwa n'kumapyolana okhaokha.

Lonjezo, mwana wachisamba, anapita kuseri kwa nyumba nanyamula zotsalira za ngolo chimodzichimodzi kuti amve kulemera kwake m'manja. Atabwerako anapatsa chidutswa chilichonse kulemera ndi kulimba kwake. Kenako anaika cholemera chosaoneka kumanja kwa mpando, pomwe bambo ankakhala posiyira amayi malo kumanzere. Ngolo inapendekera pang'ono mbali imeneyo. Alongo ake anaona, koma palibe amene anafunsa.

Zidutswa zinalimba, koma zinali zosamangana. Ng'ombe zitakoka, goli linapita lokha, matayala anagubudukira uku ndi uku, matabwa n'kungoti mbwee.

"Achimwene, mwapanga ngolo kapena nkhuni?" anatero Tiyanjane akuseka.

"Nkhuni zake zolemera bwino," anayankha Lonjezo. "Manga ndiwe ngati n'zophweka."

Amene anamanga ndi Sungeni, wachiwiri kubadwa. Ntchito yake inali yosaoneka ndi maso. Pakati pa zidutswa ziwiri zilizonse ankaikapo mfundo youza chimodzi mmene chingasunthire pa chinzake. Matabwa anawagwirizitsa kuti asasunthe n'komwe. Matayala anawalola kuzungulira pa chitsulo chake koma osachokapo, ndipo goli analipatsa mpata wokwera ndi kutsika pakhosi pa ng'ombe. Mfundo imodzi ikalakwika, ngolo yonse inkanjenjemera n'kuulukira m'mwamba, iye n'kuyambiranso osadandaula. Maso anamufiira. Pomaliza ngolo inayenda yathunthu mpaka kufika pakhomo.

Anakaionetsa amayi. Nankhoma anayang'ana pang'ono, n'kutembenukiranso kukhoma.

Ali panja, Tiyanjane, mzime wa m'nyumbamo, ananong'oneza mkulu wake. "Achemwali, mwamanga bwino mopitirira. Ngolo ya ababa sinayendepo mwaulemu chonchi."

"Ndiye ndiiphwasule?"

"Ayi. Mungondibwereka thayala limodzi."

Sungeni anamusunthira mpando. Tiyanjane anamasula pang'ono mfundo ya thayala lakumanzere kuti lizigwedera. Akamasula kwambiri linkaguluka, akamangitsa linkayenda ngati latsopano. Anafunafuna pakatikati mpaka thayala linayamba kuvina monga ankalionera ali wamng'ono, akuthamangira ngolo kumsewu kukachingamira bambo.

Anabwereranso kwa amayi. Ngolo inatulukira pachitunda, yopendekera kumanja, thayala likugwedera, koma yosaphwasuka. Nankhoma anadzuka nakhala tsonga. Anayandikiza nkhope pagalasi la kompyuta.

"Bambo anu awa samva," anatero ndi mawu osasa. "Ndinawauza ine kuti thayala ilo lidzawagwetsa."

Anaseka, kenako analira, ana nawonso analira. Atapukuta misozi ndi nsalu yawo anapempha phala, nalimaliza lonse.

M'mawa mwake Nankhoma anatsegula sutikesi natulutsa chipewa cha mlaza cha malemu, chothetheka m'mphepete ndi dzuwa. "Chilipo chimodzi chokha," anatero. "Achitenge amene wandibweretsera bambo anu pakhomo."

"Mupatseni Sungeni, amayi," anatero Lonjezo. "Popanda iye ngolo sikanafika."

Sungeni anapukusa mutu. "Yanga ija munaifulatira. Chipewa n'cha Tiyanjane."

"Ine ndinangomasula zimene ena anamanga," anatero Tiyanjane akuyang'ana pansi. "Ndipo pampando paja mukanaonapo ndani, achimwene akanapanda kuwakhazikapo ababa?"

Nankhoma anayang'ana ana ake mmodzimmodzi, chipewa chili m'manja, osadziwa mutu woti auveke.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tawathandizani mayi awa. Chipewa achivale ndani: amene anapatsa ngolo kulemera, amene anaimanga, kapena amene anaimasula?