Mapale a pamsana pa Ngaka

Ana inu mukaona Ngaka mumayesa anabadwa ndi mamba aja. Bodza. Kale, nyama zikadalima minda ndi kukwatirana ngati anthu, Ngaka anali wa khungu losalala ngati mwana wa mbewa, moti tsamba la nsenjere lokha linkamutulutsa magazi.

Ngakayo anali mkamwini. Anakwatira Nangozo, mlongo wake wa Galu, mkazi woumba mbiya, ndipo anabereka naye ana atatu. Ukamwini ndi ukapolo, asakunamizeni anthu. Umalima, umamanga nkhokwe, koma tsiku lokuthamangitsa amakuponyera khasu ndi mkeka, ana n'kutsala. Ngaka ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankayenda chozolika, osayankha munthu.

Kumunsi kwa mudzi kunali dambo limene aliyense analikana. Ngaka analithyola yekha zaka ziwiri mpaka linasanduka dimba la nzimbe. Galu, amene anali mwinimbumba, ataona nzimbe zija mtima unamutembenuka. Anayamba kulalata pamowa kuti mkamwini wakula mutu, sapereka moni, ndipo dimbalo lili pa nthaka ya amayi ake. Mapeto ake anati alimbane pabwalo kuyambira dzuwa kutuluka, ndipo woyamba kupempha madzi ndiye wagonja. Akagonja Galu, nkhani ya dimba ithe. Akagonja Ngaka, anyamule mkeka wake.

Msampha unali apa: mkamwini sakweza dzanja pa mwinimbumba. Akangomenya, banja latha pomwepo. Akathawa, wagonjanso.

Nangozo anamupeza Ngaka kuseri kwa nyumba atakhala pafupi ndi mkeka wopindapinda kale.

"Mkekawo mwaupindiranji, bambo a Ndaziona?"

"Ndikuzolowera," anatero Ngaka.

Mkaziyo anaufunyulula mkekawo n'kuukhalira. Anati Galu anayamwa naye bere limodzi, amamudziwa: ndi moto wa mapesi, chibadwire sanamalizepo kulima mzere umodzi.

"Inu musamenye, musathawe. Mungokhalapo. Kukhalapo ndiye mumakutha."

Ngaka anati khungu lake silingafike ndi masana omwe. Nangozo anapita kudzala n'kukatola mapale a mbiya zake zimene Galu yemweyo ankaswa akaledzera. M'mamawa anapaka mwamuna wake dongo losakaniza ndi ulimbo, n'kumata mapale aja mosanjikiza monga afolera nyumba, kuchokera m'khosi mpaka kumchira. Kumimba anati adzisungire yekha.

Inali nyengo ya chilimwe, dzuwa loswa mtengo. Galu anafika pabwalo akuvina, akuuza anthu kuti asakhale pansi poti ndewu yake siichedwa. Galuyo atangolumpha, Ngaka anapinda mutu, anapinda mchira, n'kukhala chibulunga ngati dzungu.

Galu analuma, mano anangoterereka. Anakanda, zikhadabo zinalira kwee. Anamugubuduza uku ndi uko, kuuwa, kumuzungulira, kumutukwana kuti atuluke ngati ali mwamuna. Ngaka duu.

Musayese kuti mkatimo munali mtendere. Mapale anatentha ngati phale lokazingira chimanga, kukhosi kunauma gwa. Ngaka ankangotchula maina a ana ake chamumtima, akatha n'kuyambiranso. Dzuwa lili paliwombo anamva Galu atasiya, akupumula pamthunzi, ndipo anadziwa kuti ameneyo akapeza mpweya, woyamba kupempha madzi akhala iye. Pomwepo anamva mawu a Nangozo.

"Achimwene, mwatopa kale? Anthutu akuona."

Ngaka anaseka yekha mumdima muja. Mkazi ameneyu!

Galu anadzuka ndi manyazi n'kuyambiranso mwaukali kuposa poyamba. Analumpha, anagwa, analumphanso. Kuuwa kunasanduka kulira, kulira kunasanduka kupuma kokha. Dzuwa litapendeka anagwa chafufumimba, lilime lili panja, fumbi lokhalokha.

"Madzi," anatero.

Ngaka anafunyuluka pang'onopang'ono. Analandira chikho kwa mkazi wake, ndipo ngakhale kukhosi kwake kunali moto, anagwada monga mkamwini n'kuyamba kupatsa Galu.

"Imwani, alamu. Nzimbe mukazifuna muzinena, ndidzakudulirani."

Koma mapale aja anakana kuchoka. Dzuwa linawawotcha tsiku lonse monga awotchera mbiya, ndipo anagwirana ndi khungu. Nangozo anamuviika masiku atatu kudimba, osatheka. Ngaka anayamba kuopa zina, kuti ndani angafune mwamuna wokhala ngati dzala. Anafunsa mwamanyazi ngati mkeka uja aupindenso.

Nangozo anamugogoda pamsana ndi chala, monga amayesera mbiya yotsika pamoto, n'kutchera khutu.

"Yapsa bwino," anatero. "Mbiya zanga zonse ndimasinthanitsa ndi mawere, koma iyi ndi yanga."

Ndi chifukwa chake lero Ngaka amayenda ndi mapale pamsana, ndipo mdani akabwera samenya, sathawa, amangodzipinda n'kudikira kuti mwini ukali atope. Galu naye lilime lake silinabwerere bwino m'kamwa. Akangothamanga pang'ono limatuluka, wefuwefu, kupempha madzi aja mpaka pano.