Mwala wa Pinki wa Mkwatibwi

Tangoganizani, owerenga: kodi munthu angafune kupulumutsa nthawi yochuluka bwanji, mpaka kuika pachiswe chinthu chimene banja lasunga zaka makumi awiri?

Mmisiri wa mikanda ankagwira ntchito m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Munali tebulo limodzi, nyale yopindika khosi, timabotolo ta mawaya a siliva, ndi kambale ka madzi kamene munthu wina aliyense sankaloledwa kukakhudza. Lachinayi lija m'kambalemo munali mwala wa opalo wa pinki, waukulu ngati dzira la njiwa, mtundu wake wonga m'kati mwa gwafa wakupsa. Unali wa malemu mayi ake a mmisiriyo. Mng'ono wa mmisiriyo anausunga m'kansalu zaka zonsezo, kudikira tsiku limene mwana wake wamkazi adzakwatiwe. Tsikulo linali Loweruka, ndipo mwalawo unayenera kulendewera pakati pa mkanda wa mkwatibwi.

Opalo ndi mwala wofewa, ndipo sugwirizana ndi kutentha. Amauboola uli m'madzi, ndi kachoboolera ka nsonga yonga singano: kugunda pang'ono, kukweza, kugunda pang'ono, kukweza. Bowo likafika pakati amautembenuza n'kuyambira mbali inayo, kuti mabowo awiriwo akakumane m'kati. Mmisiri anali atangomaliza mbali yoyamba pamene chitseko chinakankhidwa popanda odi.

Anali mlamu wake, bambo a mkwatibwi, makaniko amene kugalaja onse ankawatcha a Liwiro. Makiyi a galimoto ankazungulira pachala pawo.

"Alamu, kabowo kamodzi komweka chiyambire m'mawa? Ine injini ndimaitsitsa n'kuibwezeretsa dzuwa lisanapendeke."

"Injini ikakanika mumakagula ina. Khalani pansi."

"Galimoto ndaiimika poletsedwa. Mwana akuyesa diresi, akufuna auone mkandawo uli pakhosi."

"Auona. Kwatsala mbali imodzi."

A Liwiro anasuzumira m'kambale. "Nanga madziwa ndi a chiyani? Mukuusambitsa? Mkwatibwi ndi mwalawu kodi?"

Bambo ameneyu mmisiri ankamudziwa kale: ndi yemwe ankatsegula chitini ndi sukuludilaiva chotsegulira chili pomwepo. Anamufotokozera za kutentha, kawiri konse, koma mawu ankalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Pamenepo madzi a m'kambale anali atayera ndi fumbi la mwala ngati mkaka, moti kadontho kosonyeza poboola sikankaonekanso. Anauvuula mwalawo, nauika pakathawulo.

"Ndikukatunga madzi oyera kumpopi. Musakhudze kanthu, alamu. Ngakhale kupumirapo, ayi."

Mpopi unali kumapeto kwa khonde, ndipo telala anali atatsogola ndi ndowa yake. Madzi ankatuluka ngati misozi. Mmisiri akudikira, anamva kachoboolera kake kakulira. Sikunali kulira kwake kwa masiku onse, kodukizadukiza kuja. Kanalira mosalekeza, ngati udzudzu wolowa m'khutu, kenako zii.

Anathamanga, madzi akutayikira pasiketi. Anapeza a Liwiro ali chilili, choboolera kumanja, fungo la fumbi lopserera lili m'chipinda monse. Pakathawulo panali zidutswa zitatu.

"Unali ndi mng'alu kale umenewu, alamu."

"Zaka makumi awiri m'kansalu unalibe mng'alu. Wangokumana ndi inu basi."

"Ndimafuna kukuthandizani. Komanso kugalaja ndili ndi guluu wabwino kwambiri, amamata ngakhale radiyeta."

Mmisiri anakhala pansi, natula kambale pang'onopang'ono kuopa kuwagenda nako. "Mwana wanu akalowe m'banja atavala radiyeta? Tulutsani foni muwaimbire akazi anu."

"Bwanji muwauze ndinu? Paja inu ndi pachibale."

"Mwalawu ndi wa mayi anga, zimenezo ndilira ndekha. Koma amene anausunga ndi akazi anu. Imbani."

Mng'ono wa mmisiri anafika tepi ya telala ikadali m'khosi, poti ankathandiza kuyeza diresi. Sanakalipe. Anatola zidutswa zija chimodzichimodzi, nazikulunga m'kansalu komwe kaja. Kenako anacheukira mwamuna wake.

"Galimoto yanu aikoka," anatero. "Ndaiona ikupita."

Loweruka mkwatibwi anavala mikanda ya galasi, ya pinki ndithu, imene mayi ake aakulu anaitunga mofulumira Lachisanu. Alendo anaiyamikira. A m'banjamo okha ndi amene ankapewa kuyang'ana pakhosi pake.

Chidutswa chimodzi chinali chosathandizika. Ziwiri zinazo mmisiri anazinola pang'onopang'ono, m'madzi momwemo, nazikulunga m'siliva kukhala ndolo. Zinamutengera milungu itatu. Pa tsiku lokazitenga, mng'ono wake anatumiza a Liwiro dala. Anakhala pakampando pafupi ndi chitseko, manja ali pakati pa mawondo, makiyi ali m'thumba, maola awiri athunthu, uku mmisiri akupukuta ndolozo mosathamanga n'komwe.

Akuluakulu ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo nthawi imene a Liwiro ankafuna kupulumutsa tsiku lija, mmisiri amaidziwa bwino, chifukwa mbali yachiwiri ya mwala ngati umenewo waiboolapo kambirimbiri. Zinali mphindi khumi ndi zisanu.